Tsiku Limene Bana Mwila Anandiitana Ine Osamva

Bwerani mbali ino ya kumanja, ana inu. Uko kumanzere mungokhala ngati mukulankhula ndi khoma. Taonga, kokera kampando kako pafupi. Iwe Bwalya, chotsa mahedifoni awo m'makutu. Magetsi apita kuyambira m'mawa, foni yako yatsala pang'ono kuthima, usandinamize. Dzulo ndinakumva ukuuza anzako kuti ambuya ako ali ndi wailesi m'khutu. Eya, ndinamva ndithu! Masiku ano ndimamva, muzisamala pakamwa. Tsono khalani pansi ndikuuzeni kumene makutu anga anapita.

Ine sindinabadwe wogontha. Ndili mwana kwathu ku Katete ndinkamva belu la ng'ombe yathu ili kutsidya kwa dambo, n'kulisiyanitsa ndi mabelu a ng'ombe za eni ake. Amayi akamasinja ndi alongo anga, ndinkadziwa ndili kudimba kuti munsi uwu ndi wa amayi, uwo ndi wa mlongo wanga waulesi uja, chifukwa wake unkagwa mochedwa nthawi zonse. Inu mtondo mumauona ambuya anu aakazi akamasinja nsawawa basi. Kale ufa unkatenga masiku. Kukonola, kupeta, kuviika mphale, kuitsuka, kuiyanika pamphasa uku mukuthamangitsa nkhuku, kenaka kusinja ndi kusefa. Inu mukaona thumba la ufa m'shopu mumayesa limamera choncho.

Ndinabwera ku Lusaka ndili wachinyamata, ndevu zikungoyamba. Basi inanyamuka m'mawa, tinayenda tsiku lonse. Ndimakumbukira kutentha kwa pa mlatho wa Luangwa, amayi ogulitsa nsomba zouma atazungulira basi, ndi mapiri aja amene msewu umakhotakhota mpaka munthu kulapa machimo ake onse. Ndinali ndi kabulangete kamodzi, nsapato za tayala, ndi mbatata zootcha zimene amayi anandikulungira m'kansalu. Ndinafikira kwa amalume kuno ku Chawama. Nthawi imeneyo nyumba zinali zapatalipatali, anthu ankalima chimanga kuseri kwa nyumba. Lero ukayetsemula m'nyumba mwako, aneba ako ndi amene amapukuta mphuno.

Nditasenza matumba a anthu kwa miyezi ingapo, ndinapeza ntchito pa chigayo cha ba Chileshe. Iwowa anali Mbemba wa ku Kasama, anagwira zaka zambiri pansi pa mgodi ku Kopala asanabwere kudzatsegula chigayo. Ankalankhula mofuula ngakhale pokupatsa moni. Ine ndinkati ndi ukali. Sindinadziwe kuti makina oboola miyala anawadya kale makutu, ndipo mawu awo omwe sankawamva bwino.

Tsiku loyamba anandionetsa zonse: pothira chimanga, nyundo zozungulira m'katimo, sefa, lamba, ndi thumba lansalu lotulukira ufa. Kenaka anatenga chinthu chakuda pamsomali, mbale ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo kopindika, zotseka m'makutu zimene anachoka nazo ku mgodi.

"Vala ivi, mwaice!" anatero. Mwaice ndiye kuti mng'ono wanga. "Ichi chigayo sichidya chimanga chabe. Chidya na matu." Matu ndiwo makutu.

Ndinavala masiku awiri. Tsiku lachitatu azimayi a pamzere anayamba kundiseka, ati taonani woyendetsa ndeke wa ku Chawama. Ine mnyamata wofuna kukwatira, ndisekedwe ndi akazi? Komanso ndinali ndi chifukwa china chimene ndinkachiona chanzeru. Wogaya wabwino amagaya ndi makutu. Lamba akayamba kumasuka umamva, mwala kapena msomali ukalowa m'chimanga umamva, sefa ikang'ambika umamva. Ndinazibwezera pamsomali paja, akangaude n'kumangamo nyumba. Ba Chileshe anandiyang'ana, anapukusa mutu, sanabwerezenso.

Musaganize kuti ndimadana nacho chigayo chija. Chinandidyetsa, chinamanga nyumba ino, chinaphunzitsa amayi anu a Misozi sukulu. Ngakhale ambuya anu aakazi ndinawapeza pomwepo. Anabwera ndi debe la chimanga pamutu, mtsikana wa ku Petauke wamanyazi, maso pansi. Ine ndinafuna kuwanong'oneza kuti ndawakonda, koma pa chigayo palibe kunong'ona. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo nthawi yomweyo chimanga chinatha m'kati, phokoso n'kutsika. Mzere wonse unamva. Mayi wina wachikulire anati, "Muyankhe, mwana wanga, ise tifuna tigayise!" Afunseni ambuya anuwo, akana, koma zinachitika.

Chaka chinali ndi nyengo zake pa chigayo. Anthu akakolola, matumba ankabwera kuchokera kumidzi pamwamba pa mabasi, aliyense wachibale wamutumizira. Miyezi yozizira imeneyo tinkayatsa chigayo dzuwa likutuluka, kuthimitsa likulowa, osapumula. Ndinkaweruka ndili mbuu, nsidze zoyera, ana n'kumandithawa panjira. Nthawi ya mvula chimanga chinkachepa, anthu ankabwera ndi timbale, ena kudzangopempha gaga wa nkhuku, ife tikudziwa kuti nkhukuzo ndi ana awo.

Chiyambi cha vuto sichinandiopse n'komwe. Ndikaweruka, m'makutu munkalira ngati nyenje za m'mwezi wotentha. Ndikagona, pofika m'mawa zaleka. Patapita zaka, nyenjezo zinasiya kuleka. Mpaka lero zilimo, pano ndikulankhula nanu zikuimba. Khutu lamanzere ndilo linayamba kufa, chifukwa chigayo chinkakhala mbali imeneyo ndikaima pothira chimanga. Panalibe kupweteka, panalibe magazi kapena mafinya. Mawu ankangochoka pang'onopang'ono, ndipo oyamba kuchoka anali mawu aang'ono: mbalame, ana, akazi. Mawu aakulu, ngati lole ikamadutsa, ndinkawamva bwinobwino. N'chifukwa chake ndinkakana kuti ndili ndi vuto.

Ndinkaimba mlandu aliyense. Wailesi ndinkati mabatire atha. Abusa ndinkati amalankhulira m'mphuno. Achinyamata ndinkati amameza mawu. Ndinaphunzira kugwedeza mutu n'kumati "eya, eya" pa chilichonse. Tsiku lina kutchalitchi ndinati "eya" kwa akulu a mpingo, Lamulungu lotsatira ndinangoona akundipatsa makiyi. Ndinali nditavomera kumatsegula tchalitchi m'mawa uliwonse wa mapemphero, ndipo ndinatsegula zaka zitatu chifukwa cha manyazi. Sekani, inde. Zimenezo zinali zoseketsa. Zimene zikubwerazi sizoseketsa ayi.

Nyumba iyo kuseri kwa mpandawo, kumene mumakadya vitumbuwa, mukudziwa kuti ndi ya ambuya anu ena, bana Mwila, ndiye kuti amake Mwila m'Chibemba, amene anabala atate anu. Koma amuna awo, bashi Mwila, ndiye kuti atate ake Mwila, simunawaone. Anali telala, munthu wamfupi wosekaseka, makina ake opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde paja. Anali mnzanga weniweni. Lamulungu masana tinkasewera nsolo pansi pa mtengo wa kotapeya uno. Iwo ankalankhula Chibemba, ine Chichewa, tikumvana pakati. Yunifomu yoyamba ya amayi anu anasoka ndi iwo. Pampanda panali mpata, sitinkazungulira kumsewu. Mchere ukatha kuno unkachokera uko, makala akatha uko ankachokera kuno.

Unali m'mawa wa mwezi wozizira, mphepo ikuomba fumbi. Ambuya anu aakazi anali atalawirira kumsika kukagula ndiwo zamasamba zogulitsa, ana atapita kusukulu. Ine ndinavala chipewa chaulusi mpaka kutseka makutu, ndinatseka chitseko, n'kuuyamba ulendo wa kuchigayo. Ndizo zonse zimene ndinadziwa ine za m'mawa umenewo.

Zimene sindinadziwe ndi izi. Nthawi yomweyo bashi Mwila anagwa pakhomo pa nyumba yawo, mbali imodzi ya thupi itauma, akulephera kulankhula. Bana Mwila anayesa kuwanyamula, analephera. Anathamangira pampata paja, n'kundiona ine ndili pafupi, mapazi khumi chabe, nditawapatsa msana. Anaitana. "Bashi Misozi!" Ine osacheuka. Anaitananso kachiwiri, kachitatu, ndi mawu onse amene anali nawo. Ine ndinakonza chipewa changa n'kukhota pakona.

Anathamanga nyumba ndi nyumba, amuna ambiri anali atapita kale kuntchito. Pamene anapeza anthu ndi wilibala yowakankhira kumsewu waukulu, pamene anapeza galimoto, nthawi inali itapita. Bashi Mwila anamwalira asanafike kuchipatala.

Masana ndinangoona ambuya anu aakazi alowa m'chigayo, n'kupita okha pa switchi n'kuthimitsa. Chikwatirane chathu anali asanachitepo zimenezo. Ndinadziwa kuti kwagwa zovuta.

Ndinasenza thumba la ufa kupita nalo pamaliro, monga timachitira. Nditafika pamene panakhala amuna, palibe anandisunthira malo. Ndinapereka moni, anayankha awiri okha, enawo maso kumbali. Thumba langa linakhala panja pomwe ndinalitula, tsiku lonse, palibe mayi analikhudza. Ndinadabwa. Wamwalirayo ndi mnzanga, nanga ine ndalakwa chiyani?

Madzulo dzuwa lisanalowe ambuya anu anandikokera kuseri kwa nyumba ino. Anaima patsogolo panga, anandigwira mapewa kuti ndiwayang'ane pakamwa.

"Atate ake Misozi, bana Mwila akuti anakuitanani m'mawa. Katatu. Akuti munali apa pomwe, inu osacheuka."

"Ine? Liti?"

"Pamene amuna awo anagwa."

Ana inu! Ndinakhala pansi pafumbi ngati mwana. Ndinati, "Amake Misozi, Mulungu andione, sindinamve."

Iwo anati, "Ine ndikudziwa kuti simunamve. Ndakhala ndikuitana msana wanu zaka zingati m'nyumba muno? Koma akhulupirira ndani? Anthu akuti munthu amene amamva kamsomali kakalowa m'chigayo angalephere bwanji kumva mkazi akukuwa? Akuti munaopa kuchedwa kuntchito."

Ndipo anthuwo sankanama pa za msomali. Chigayo ndinkachimvera m'mapazi ndi m'manja, chikasintha kanjenjemeredwe ndinkadziwa. Koma ungamufotokozere bwanji zimenezo mkazi amene mwamuna wake ali m'bokosi?

Mundifunsa ngati akanachira ndikanacheuka. Sindidziwa. Ena amati matenda ogwetsa munthu chotero amapha ngakhale uthamange bwanji, ena amati nthawi ndi imene imapulumutsa. Funso limenelo ndinaligoneka pamtima ndipo silinachokepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinali ndi mikono yonyamula matumba awiri, msewu waukulu sunali kutali, ndipo mnzanga anali pansi mapazi khumi kuchokera pamene ndinaima.

Maliro atatha ndinapita ndi mkulu wa mpingo kukapepesa. Bana Mwila anatilandira pakhonde, pafupi ndi makina aja ataphimbidwa ndi chitenje. Ndinalankhula zonse. Iwo anangoti, "Namvela," n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake tinapeza pampata paja atakhomapo lata lakale.

Miyezi imeneyo inali yowawa. Azimayi ambiri anayamba kukagayitsa kwina, kutali, kulolera kusenza. Panjira anthu ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Ine ndinayamba kuyenda ndikucheukacheuka ngati wakuba, kuopa kuti wina akundiitana. Amene anandigwira dzanja ndi ambuya anu aakazi awa. Anasiya kundiitana ali kukhitchini, ankabwera n'kundikhudza paphewa. Kutchalitchi ankakhala kumanja kwanga n'kumandiuza nambala ya nyimbo. Alendo akabwera ankabwereza mawu awo ngati akungocheza, kuti ine ndisachite manyazi. Mukamawaona akundikalipira za nsapato zamatope, dziwani kuti ali ndi ufulu wonse.

Tsono mvula yoyamba itagwa, Lamulungu lina masana, ndinkachokera kutchalitchi ndekha, nditatsalira kukhoma zitseko ndi makiyi anga aja. Ndinkadutsa njira ya kumpopi, kulumpha zithaphwi. Ndinamva kaphokoso kumbuyo, ngati anthu akukangana patali. Kuno ku komboni mkangano si nkhani, ndinati ndi za eni ake. Koma ndinaona anthu akutuluka m'nyumba, akundiyang'ana. Azimayi a pampopi anasiya kutunga, wina anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana buluku langa, ndinati kapena lang'ambika kumbuyo. Ndinawamwetulira, n'kukweza dzanja kuwapatsa moni.

Mwadzidzidzi munthu anandigwira jekete n'kunditembenuza. Anali bana Mwila, akupuma mofulumira, nkhope yonse misozi. Anali atanditsatira kuchokera pakona ya tchalitchi, akunditukwana. Chibemba chitatha analowa Chinyanja. Zonse zimene anasunga mumtima miyezi yonse ija anazikhuthulira pamsana panga, anthu onse akumva, kupatula mwini wake.

Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Kenaka analankhula pang'onopang'ono.

"Bashi Misozi, simunamvele vonse vamene nakamba?"

Ine ndinavula chipewa. Aka kanali koyamba kundilankhula kuyambira tsiku lija ndinakapepesa. Ndinati, "Pepani, bana Mwila. Mwakamba chiyani? Bwerezani, ndikumvetsera."

Wina pampopi anayamba kuseka, n'kudzigwira. Bana Mwila anandisiya jekete, anakhala pansi pamatope pomwepo ndi chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Ankangoti, "Ni zoona. Mayo ine, ni zoona. Uyu muntu samvela." Ine ndinagwada pambali pawo, nanenso misozi ikutsika, osadziwa kuti ndanenedwa zotani. Mpaka lero palibe anandiuza. Ambuya anu aakazi amangoti anali mawu osayenera tsiku la Mulungu.

Nthawi imeneyo bana Mwila ankagwira ntchito yokolopa pa chipatala chachikulu m'tauni. Patangopita masiku ochepa anagogoda pakhomo pano m'mawa, atavala kale.

"Valani jekete, tiyende. Lelo ndiye siku yamene baona matu."

Ndinati nanga chigayo? Anati chigayo chadya zokwanira. Tinakwera minibasi, iwo atakhala kumanja kwanga. Kondakitala atafunsa kumene titsikire, anayankha ndi iwo.

Kuchipatala anandilowetsa m'kachipinda kotsekedwa ngati kabati, anandiveka zomvera m'makutu zonga zako izo, Bwalya, n'kundipatsa kabatani. Anati ndikamva kulira ndidine. Ndinakhala, ndikudikira kuti ayambe. Ndinadikira ndithu. Ndinasuzumira pagalasi kuti ndiwafunse ngati makina awonongeka, ndinaona bana Mwila ataweramitsa mutu. Achipatalawo anali atayamba kalekale.

Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono, waulemu. Anandifunsa ntchito yanga, nditamuuza anangogwedeza mutu. Ine ndinali ndi chiyembekezo chakuti anditsuka m'makutu, atulutsa ufa wa zaka zonsezo, ndibwerera ndikumva. Iye anati ayi, m'makutu ndi moyera. Anati m'kati mwenimweni mwa khutu muli tinthu tating'ono ngati udzu wanthete, ndito timagwira mawu. Phokoso lalikulu limatipondereza. Ukaponda udzu kamodzi umadzuka, koma ukapondapo tsiku ndi tsiku pamasanduka njira, ndipo wa m'khutuwo sumeranso. Anati palibe mankhwala akumwa kapena odontheza obweza zimene zapita, chotsala n'kuteteza zimene zatsala. Anandiuzanso kuti paliponse pamene uyenera kukuwa kuti munthu amene waima pafupi nawe akumve, dziwa kuti makutu akuonongeka. Ine ndinali nditakuwa choncho zaka zoposa makumi awiri.

Theka la mawu amenewa sindinawamve kwa dokotala. Ankawabwereza m'khutu langa lamanja ndi bana Mwila, amodziamodzi, ngati akudyetsa mwana phala.

Titatsika minibasi anandigulira chinangwa chootcha ndi nsawawa, tinadya tikuyenda. Madzulo ake ndinamva kugogoda, eya, kumeneko ndinamva, chifukwa kunali kwa hamala. Anali iwo, akuzula lata lija pampata.

Sanalekere pomwepo. Mayi ameneyu, pakamwa pomwe paja pamene panauza komboni yonse kuti ndine woipa mtima, anayenda napo pampopi, kumsika, kutchalitchi kwawo ndi kwathu, kuuza anthu kuti analakwitsa. Ankati, "Ngati mufuna bashi Misozi, muyende kusogolo kwao. Osaitana kumbuyo." Si chinthu chapafupi, ana inu, munthu wamasiye amene ali ndi chifukwa chokwiyira kuimirira pagulu n'kunena kuti ndinamunamizira. Ndaona amuna akuluakulu amene sangathe. Azimayi anayamba kubwerera kuchigayo, ndipo ankandikhudza pamkono asanalankhule.

Ine ndinapita pamsomali paja, ndinachotsa zotseka m'makutu zija, ndinakuntha akangaude, n'kuvala. Ba Chileshe, atakalamba kale nthawi imeneyo, anandiona ali pampando wawo panja. Ndinayembekeza kuti anditonza. Anangokweza chala chachikulu. Kuyambira pamenepo aliyense wogwira ntchito pa chigayo chija ankavala, wokana ndinkamuonetsa chitseko. Khutu lamanja ili, limene mukulankhuliramo lero, linapulumuka chifukwa cha zimenezo. Likanapita nalonso.

Za mpata uja, mwina mwaona kale kumene nkhani ikupita. Mwila ndi Misozi anakula akudutsa pomwepo, uyu kukabwereka buku, uyo kukabweza mbale imene sinabwerekedwe. Ife akuluakulu tinkayesa ngati sitikuona. Tsiku la ukwati wawo bana Mwila anakhala kumanja kwanga, ambuya anu aakazi kumanzere, ndipo malumbiro onse ndinawamvera kwa bana Mwila. Inu nonse atatu, iwe Chikondi amene ukuyesa kugona apo, munachokera pampata umenewo. Lata lija likanakhalapo, bwenzi pano ndikulankhula ndi nkhuku.

Chigayo ndinachisiya msana utayamba kukana matumba. Kamakina aka ka m'khutu, wailesi yako ija Bwalya, anandipezera ndi amayi anu zaka zochepa zapitazi. Musaganize kuti kamabweza makutu a ku Katete. Pagulu la anthu mawu onse amasakanikirana ngati msika, nthawi zina kamalira kokha, ndipo nyenje zanga sikazithamangitsa. Koma sabata yoyamba ndinali ngati mwana. Ndinali nditaiwala kuti supuni imalira m'kapu, kuti nsapato zanga zomwe zimakhwekhwereza pansi. Ndinatulukiranso kuti ambuya anu aakazi akamasesa amang'ung'udza za ine, ndipo zikuoneka kuti akhala akutero zaka zambiri mwaufulu. Nditawayankha tsiku lina, tsache linagwa.

Tsono ndikamakuonani mwatseka makutu ndi nyimbo mpaka ine wogontha kumamva zikutuluka, kapena mwaima pafupi ndi masipika a paukwati mpaka chifuwa kunjenjemera, mtima umandiwawa. Sindikuletsani nyimbo, nanenso ndinavina. Koma tsitsani. Mukachoka pamalo m'makutu mukulira, musati zazing'ono, ine ndinatero. Ine phokoso langa linkandipatsa chakudya. Inu mukudzigayira makutu ulere.

Chinthu chimodzi chinatsala chimene ndinkachifuna. Nditazolowera kamakinaka, m'mawa wina ndinadutsa pampata n'kuwapeza bana Mwila akusankha nyemba pakhonde. Ndinakhala pansi, tinapatsana moni, kenaka ndinati, "Bana Mwila, ndili ndi pempho. Mukaime pampata paja. Ine ndikaima pamene ndinali tsiku lija. Mundiitane."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kunditcha bakote, ndiye kuti nkhalamba. "Imwe bakote, mwayamba kusokonezeka? Vinthu vakudala ivo."

Ndinati, "Munandiitana katatu, sindinayankhe. Zakhala pakhosi panga zaka zonsezi. Ndithandizeni."

Anayang'ana nyemba zimene zinali m'manja mwawo. Kenaka anaika lichero pansi, anadzuka pang'onopang'ono ndi mawondo awo aja, n'kupita pampata. Ine ndinatuluka, ndinawerenga mapazi khumi, ndinaima nditawapatsa msana. Ndinadikira. Ndinamva nkhuku, ndinamva minibasi ikuimba hutala kumsewu. Ndinayamba kuganiza kuti abwerera m'nyumba.

"Bashi Misozi!"

Mawu anali okalamba, onjenjemera, osafika ngakhale theka la mphamvu za tsiku lija. Koma anafika. Ndinatembenuka.

"Ndamva, bana Mwila! Ndikubwera!"

Ndipo ndinapita, mothamanga monga angathamangire nkhalamba. Ndinawapeza atagwira mpanda ndi manja onse awiri. Patapita nthawi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Mwafika. Ngenani, tiyi ikali yokupya."

Tinamwa tiyi pakhonde paja, ndipo nyemba zija tinamaliza kusankha tonse awiri.